Galasi la Malemu Bambo

1. Singano khumi

Dzina loti Chagada anamupatsa ndi bambo ake. Ali wamng'ono, anzake akamathamangitsana pabwalo, iye ankagona chagada pabenchi ya pakhomo pa shopu yowotcherera zitsulo, maso ali kumwamba.

"Ababa, kumwambaku kuli anthu?"

"Ukakula ukaone wekha, udzatiuze," ankatero bambo akewo, kwinaku akukhoma chitsulo.

Bambowo anamwalira mwana ali Sitandade 7. Misozi isanaume, mng'ono wawo anabwera ndi lole n'kusesa zipangizo zonse za mushopu. Potuluka anaponyeranso mawu amayi a Chagada, amvekere, "Mlamu, mwana wanu woyang'ana kumwambayu adzagwera m'dzenje."

Chimene anasiya ndi chigoba chowotcherera, chija amavala kumaso chokhala ndi kagalasi kakuda bii. Anachisiya chifukwa lamba wake anali woduka. Amayi a Chagada anachipachika pamsomali, pamwamba pa makina awo osokera.

Amayiwo anali telala. Manja anali akadali achangu, koma maso anali atayamba kuchita nkhungu. Mzere ankasoka wowongoka ndithu, koma bowo la singano sankaliona. Choncho m'mawa uliwonse, asanapite kusukulu, Chagada ankalowetsa ulusi pasingano ya makina, kenako pa singano khumi zapamanja, zisanu ulusi woyera, zisanu wakuda, n'kuzibaya pakatsamiro.

Tsiku lina Lachinayi, mtsikana wa Fomu 3 ameneyu ankagwira ntchitoyi pakamwa pasakutsekeka.

"Amayi, lero kapulaneti kakang'ono kadutsa pamaso pa dzuwa. Tikakaphonya lero, ndiye mpaka patapita zaka."

"Kakupita kuti?"

"Kakungozungulira."

"Ndiye n'chimodzimodzi bambo ako aang'ono. Kuzungulira basi, osafika."

Chagada anaseka. "Aphunzitsi akuti umu ndi mmene akatswiri amapezera maiko ena. Nyenyezi iliyonse ndi dzuwa, kungoti lili kutali. Pulaneti ikadutsa kutsogolo kwake, kuwala kumachepa pang'ono, ngati njenjete yadutsa panyali. Akatero amadziwa kuti pamenepo pali dziko. Kenako amafufuza ngati kuli madzi. Komwe kuli madzi, mwina kuli zamoyo."

Amayi ake anasiya kudula nsalu.

"Wati dzuwa? Mukayang'ana dzuwa?"

"Papepala, amayi. Osati ndi maso."

"Khala pansi, sukulu sithawa. Bambo ako ankati, 'Ndi kachitsulo kamodzi kokha aka, chigoba n'chachiyani?' Ankangotsinzina n'kuwotcherera. Pobwera kunyumba wovutika ndinali ine. Maso ofiira psuu, misozi chuchuchu, akuti muli mchenga. Munthu wamkulu, wandevu zake, kulira ngati khanda. Ndinkawaika nsalu yonyowa, ndinkawakalipira, mawa lake yomweyo. Ndinalankhula mpaka malovu kuuma. Chaka chomaliza chija nkhope yako ankachita kuipapasa. Anga awa ukuwaona wekha. M'nyumba muno maso atsala awiri, ndipo onse ali pankhope pako. Si ako wekha. Dzino likaguluka umatafunira mbali ina. Chala chikaduka umagwira ndi chinzake. Koma diso likapsa, palibe telala amene amalisoka. Wamva?"

"Ndamva, amayi."

"Bambo akonso ankayankha choncho."

Panja panamveka odi. Anali bambo wina, thalauza long'ambika lili m'manja. Amayi atangotuluka, Chagada anakwera pampando, n'kusolola kagalasi kakuda kaja m'chigoba. Anakakulunga pakampango n'kukaika m'thumba la siketi. Chigobacho anachibwezera pamsomali, koma atachitembenuza kuti chiyang'ane kukhoma.

2. Pepala lipsa

Aphunzitsi a sayansi ana ankawatchula kuti a Choko, chifukwa jekete lawo linkakhala mbuu ndi fumbi la choko mpaka kumsana. Anali achikulire, otsala pang'ono kupuma pantchito. Anali ndi telesikopu yakale, makina oonera zakumwamba, ndipo mwendo wake umodzi unali womanga ndi waya. Lachinayi lililonse ankaphunzitsa kagulu ka ana khumi ndi awiri za nyenyezi. Mtsogoleri wa kaguluko anali Chagada. Ndiye ankanyamula bokosi, ndiye ankapukuta magalasi, ndipo kope lake linali lodzaza ndi zithunzi za mwezi zojambula ndi pensulo.

Masana amenewo anaimika makinawo pakati pa bwalo la mpira. A Choko anawalozetsa kudzuwa osayang'ana kumwamba n'komwe, ankangotsatira mthunzi wake pansi. Kenako anagwira katoni yoyera chapatali pang'ono ndi poikira diso. Pakatonipo panatuluka dzuwa, lozungulira ngati mbale.

"Tisanayambe, onani izi," anatero.

Anatenga pepala la m'kope n'kulisendeza pafupi ndi poikira diso paja. Utsi unafuka. Papepalapo panabooka bowo lakuda m'mbali.

"Mwaona? Sindinawerenge n'kufika pa zisanu. Makina awa amatunga kuwala ngati ndowa pansi pa denga nthawi yamvula, n'kukuthira pamalo amodzi. Kukada amatunga kuwala kwa nyenyezi, n'chifukwa chake timawakonda. Masana amatunga moto. Kuseri kwa diso lanu kuli kansalu kopyapyala kuposa pepala ili. Choopsa chake n'chakuti kansaluko sikamva kuwawa. Dzanja ukaliika pamoto limathawa lokha. Diso limapsa lili phee, mwiniwake akumwetulira. Zilipo zotchingira zenizeni zimene amaika kutsogolo uku, kuti kuwala kuchepe kusanalowe, koma ife tilibe. Ndiye pasapezeke munthu woika diso apa. Musandiuze za magalasi adzuwa. Musandiuze za botolo lofukiza utsi, kaya chithunzi cha ekisileyi chimene anajambula agogo anu kuchipatala, kaya pepala la biskiti lonyezimira. Tonse tionera pakatoni. Amene sakufuna, khomo la kalasi ndi ilo."

Chagada anawerenga zonse zimene anatchulazo chimodzichimodzi pa zala zake. Galasi la owotcherera sanalitchule.

Posakhalitsa, chakumphepete kwa mbale yoyera ija kunaoneka kadontho kakuda.

"Kameneka?" anafunsa mnzake wa Chagada, mtsikana wolongolola amene sukulu yonse inkamutchula kuti Wailesi. "Ndapsa ndi dzuwa chonsechi chifukwa cha chitosi cha ntchentche?"

Onse anafa nacho chiseko. A Choko nawonso anaseka.

"Chitosi chakocho ndi dziko lathunthu, la mapiri ndi zigwa. Kulibe mpweya woti n'kupuma, ndipo masana ake mtovu ungasungunuke. Kumeneko usakafuneko mwamuna. Koma ndi timadontho totere, todutsa pa nyenyezi zina, akatswiri apeza maiko zikwizikwi. Mwina limodzi lili ndi nyanja. Mwina wodzalipeza waima pompano."

Ponena mawu omalizawa anayang'ana Chagada. Iye mtima unali dyokodyoko.

Kenako mtambo unaphimba dzuwa, mbale ija n'kuzimiririka. Belu la chakudya linalira, ana n'kubalalika. Mlonda anabwera kudzanena kuti ahedi akufuna a Choko ku ofesi. A Choko anatseka makinawo ndi chivundikiro chake.

"Chagada, ndikusiyira iwe chifukwa ndiwe wamutu. Munthu asayandikire."

3. Mtambo utachoka

Anatsala awiri, Chagada ndi Wailesi. Mtambo unachoka. Chagada anatulutsa kampango kaja.

"Iwe, chimenecho n'chiyani?"

"Galasi la bambo anga."

"A Choko aletsa."

"Aletsa magalasi adzuwa ndi mabotolo. Ili walimva akulitchula? Moto wowotcherera umasungunula chitsulo, koma galasi ili lakhala pamoto umenewo zaka makumi awiri osang'aluka."

"Ine sindikuona, sindikumva. Wailesi yazima."

"Ikanazima kalekale bwenzi sukulu ino ili pamtendere."

Chagada anachotsa chivundikiro. Anayesa kuika galasilo kutsogolo kwa makina, monga ananenera aphunzitsi, koma linali laling'ono, kukamwa kwa makinawo kunali kwakukulu. Ndiye analigwirizira kumbuyo, poikira diso.

Apa ndi pamene panagona uchitsiru wonse. Moto wa bambo ake unkafika pagalasilo uli womwazika. Uwu unali wotungidwa, wothiridwa pamalo amodzi ngati nsonga ya msomali. Pepala lopsa lija linali likadali pansi pomwepo, pafupi ndi nsapato yake.

Anatsinzina diso lamanzere n'kuika lamanja.

Anaona dzuwa lobiriwira, lalikulu, ndipo pamaso pake panali kadontho kaja, kakuda bii, kozungulira bwino ngati mkanda.

"Ndikukaona, Wailesi. Si chitosi ayi. Ndi dziko."

"Wakaona, basi choka."

"Dikira pang'ono."

"Choka, iwe."

"Pang'ono pokha."

Galasi linangoti thee. Kuwala koyera kunamulasa m'diso, iye n'kukhala pansi pa udzu.

"Wapweteka?" anafunsa Wailesi.

Chagada anaphethira kangapo. Sankamva kuwawa kulikonse.

"Ayi. Palibe chachitika."

Galasilo linali litasweka pawiri. Chidutswa chimodzi anachitola, chinacho chinasowa muudzu. Chapatali a Choko anali akubwerera. Chagada anabwezera chivundikiro msangamsanga.

"Usauze munthu. Lumbira."

Wailesi analumbira.

M'kalasi masanawo, paliponse pamene Chagada ankayang'ana pabolodi panali ngati wina wafufuta ndi chala chonyowa. Anayesa kutseka diso lamanzere. Aphunzitsi a masamu anatsala mapewa okha, mutu palibe. Chagada anadziuza kuti disolo likhala bwino akagona. Kunyumba sananene kanthu.

4. Diso lolakwika

Lachisanu m'mawa kadontho kakuda kanali kakadali m'diso mwake. Kukhoma kanalipo, m'beseni lamadzi kanalipo.

Anakhala pamakina n'kunyowetsa nsonga ya ulusi ndi malovu. Anatsinzina diso lamanzere monga mwa masiku onse. Bowo la singano linasowa, kadontho katalimeza. Ulusi unadutsa pambali. Anayesanso, unadutsanso pambali. Ndiye mwakachetechete anasintha, n'kutsinzina lamanja.

Amayi ake anali chiimire pambali pake, sizasi ili m'manja. Bowo la singano sankaliona, koma mwana wawo ankamudziwa.

"Chiyambire uli ndi zaka teni umatsinzina lamanzere, ngati bambo ako akamayeza chitsulo. Lero watsinziniranji lamanja?"

"Mwalowa kachitsotso."

"Bwera kuno."

Anamukokera pazenera n'kumutseka diso lamanzere ndi chikhatho chawo.

"Ndiyang'ane. Ukuona chiyani?"

Chagada anayesa kutembenuza mutu.

"Ndikufunsa iwe."

"Ndikuona mpango wanu, amayi. Ndi makutu."

"Nanga nkhope?"

"Pakati palibe."

Amayi anachotsa dzanja lawo pang'onopang'ono. Anayenda mpaka pamsomali paja, anatsitsa chigoba n'kuchitembenuza. Chala chawo chinalowa pabowo pamene pankakhala galasi n'kutulukira mbali ina.

Sanamumenye. Bola akanamumenya. Anakhala pampando wa makina, chigoba chili pamiyendo.

"Dzulo lomweli ndalankhula, pampando womwe uno. Sindinalankhule m'chizungu. Sindinaphiphiritse. Ine sukulu ndinalekezera panjira, za mapulaneti sindizidziwa, koma moto ndimaudziwa, ndakhala nawo m'nyumba zaka makumi awiri. Bambo ako anapsa chifukwa chokana galasi limeneli. Iwe wapsa chifukwa cholikhulupirira. Banja limodzi, galasi limodzi, zitsiru ziwiri, ndipo wonyowetsa nsalu ndine ndekha. Ukufuna kudziwa ngati kumwamba kuli anthu. Nanga ine amene ndili pansi pano sindine munthu? Unandiganizirako pamene unkakwera pampandopa? Ndipo wagona nazo, wadzuka nazo, n'kumandiuza za kachitsotso. Chikundiwawa kwambiri n'chakuti bambo ako aang'ono aja, munthu amene sananenepo chanzeru chibadwire, lero aoneka ngati mneneri."

"Pepani, amayi."

"Pepani salowetsa ulusi. Vala nsapato."

5. Kuchipatala

Anadikira pabenchi mpaka dzuwa kufika pamutu. Adokotala a maso anali mayi wamfupi wosachulukitsa mawu. Anamuthira mankhwala m'diso, anamuwunika ndi katochi, kenako anamuuza kuti awerenge zilembo za pakhoma. Ndi lamanzere anawerenga mpaka mzere wapansi. Ndi lamanja ankachita kupendeketsa mutu ngati nkhuku kuti apeze chilembo chachikulu chapamwamba.

"Papsa pakati penipeni, pamene timawerengera," anatero adokotala. "Sindikunamizani, mayi. Palibe mankhwala kapena opaleshoni yobwezeretsa pamenepa. Kwa ena kadonthoka kamachepa pakapita miyezi. Kwa ena kamakhala mpaka kalekale. Mubwerenso pakatha masabata asanu ndi limodzi, tidzaone kuti iye ali gulu liti."

"Adokotala, nyenyezi ndizidzaziona?" anafunsa Chagada.

Amayi ake anatsonya.

"Ndi lamanzere, ukalisamala," anayankha adokotala. "Koma dziwa kuti tsopano ulibe lina losungira."

Anauyamba ulendo wobwerera. Atafika podutsa msewu waukulu, amayi anamugwira dzanja ngati kamwana ka mkaka. Anawoloka, koma dzanjalo sanalisiye mpaka kunyumba.

6. Chidutswa chachiwiri

Pakhonde anapeza a Choko atakhala pamasitepe, chipewa chili pabondo. Ankaoneka ngati akalamba zaka khumi tsiku limodzi. Anaimirira n'kupereka moni, kenako anatambasula dzanja. Munali chidutswa cha galasi lakuda.

"Ndachitola muudzu m'mawa uno. Mnzake uja wanena zonse ataona kuti mwanayu sanabwere kusukulu. Akulira mpaka pano."

Amayi anawauza mawu a adokotala osachotserapo ngakhale limodzi. A Choko anakhalanso pansi.

"Mayi, cholakwa n'changa. Ndinatchula magalasi adzuwa, ndinatchula mabotolo. Ndinkadziwa kuti ndi mwana wa wowotcherera, koma limeneli ndinaliiwala. Ndipo ndinawasiya okha."

"Munamutuma kuti akwere pampando wanga?"

"Ayi, mayi."

"Munamuikira galasi m'thumba?"

"Ayi. Koma kusukulu mbiri yafala yoti ndinamupatsa ndine. Ahedi atsekera makina aja mu ofesi. Lolemba komiti ya makolo ikhala pansi. Akufuna kagulu ka nyenyezi kathe, ndipo ine ndipume nthawi isanakwane. Ndabwera kudzanena kuti mwanayu asavutike kubwera. Wavulala kale, zakwana. Ine ndakalamba, ndivomera zonse."

Chagada anawayang'ana. Kadontho kanakhala pankhope yawo ndendende, ndipo anachita kupendeketsa mutu kuti awaone. Ana khumi ndi m'modzi aja sadzaonanso mwezi pamakina aja chifukwa cha iye.

Amayi anatambasula dzanja kwa mwana wawo.

"Bweretsa chinzake."

Chagada anatulutsa kampango m'thumba. Amayi analumikiza zidutswa ziwirizo pachikhatho. Zinagwirizana bwinobwino, mng'alu wokha uli pakati.

"Aphunzitsi, inu ndinu munthu wabwino, koma m'nyumba muno takwana nazo zobisa. Amene wapsa ndi diso, osati pakamwa. Lolemba abwera. Akaima pamaso pa komiti yonse, zidutswa izi zili m'manja, akanene yekha kuti galasi ndi la ndani, analiba nthawi yanji, ndiponso kuti anachenjezedwa kangati. Si choncho, iwe?"

"Ndi choncho, amayi," anatero Chagada chapansipansi. "Ndikanena."

A Choko anazunguliza chipewa chawo m'manja.

"Pali chinanso, mayi. Mwina simunamve, komiti inasankha wapampando watsopano mwezi wathawu. Ndi alamu anu, mng'ono wa malemu. Atuma kale uthenga woti akudikira mwana wa mkulu wawo, ndipo akuti m'dzenje muja wagweramo."

Amayi anafumbata zidutswa zija. Anasuzumira m'nyumba n'kuyang'ana msomali wopanda kanthu pamwamba pa makina, kenako katsamiro kamene kanali kasanabayidwe singano ngakhale imodzi.

"Chagada, sita yunifolomu yako. Ukamaliza usitenso diresi langa lakuda lija. Lolemba tipita awiri."